Makapu awiri oyamba a Egypt ku AFCON tiziwawerengadi?

wa_pa_Chilomoni:

Akuluakulu ndithandizeni, ku ntchito kwathu kwabuka mkangano ndipo sukutha. Pali mkulu wina wokonda Cameroon moti ngakhale pa foni yake pali chithunzi cha Eto'o, iyeyo akuti zomati Egypt ndi mfumu ya Africa Cup of Nations (AFCON) chifukwa ili ndi makapu 7 ndi nkhambakamwa chabe, akuti awiri oyambawo, ya 1957 ndi ya 1959, anangotola chifukwa kunali matimu atatu basi, ndiye mukachotsa awiriwo yatsala ndi 5 chimodzimodzi Cameroon yakeyo. Ine ndamutsutsa kuti mpikisano wa Africa yonse sungakhale ndi matimu atatu ngati bonanza ya pa Khirisimasi kumudzi, koma anthu ena awiri mu ofesi akuti akunena zoona. Ndiye zoona zake ndi ziti, kunalidi matimu atatu? Nanga maiko ena onsewa anali kuti? Komanso mpikisanowu unakula liti kufika poti timu ikatenga chikho anthu nkumati eee apa ndiye anyamata agwira ntchito? Chonde osangondiuza kuti pita pa Google, ndikufuna munthu andifotokozere zoti ndikathe kuyankha ndekha Lolemba.

Madala_aMpira:

Achimwene, pa nambala mnzanuyo sakunama, analidi atatu. Koma akadzayambanso mumufunse kuti Cameroon yakeyo mu 1957 inali kuti. Inali m'manja mwa atsamunda, mbali ina a ku France mbali ina a ku Britain, ufulu inayamba kuulawa 1960. Nigeria nayo 1960. Ife kuno tinali Nyasaland mkati mwa chitaganya cha Welensky, a Kamuzu asanabwere nkomwe, Zambia ikutchedwa Northern Rhodesia. Ngakhale Ghana imene ufulu wake unabwera pa 6 March 1957, kapu yoyambayo itaseweredwa kale mu February. Ndiye dziko lopanda mbendera yake, lopanda mpando ku FIFA, likanalowa bwanji mpikisano wa maiko? Morocco ndi Tunisia anali atamasuka 1956 koma ku FIFA anadzalowa 1960.

Nkhani yonse inayambira ku Lisbon mu 1956 pa msonkhano wa FIFA, anthu ochepa a ku Africa amene analipo anakhala pambali nkumvana kuti ifenso tikhale ndi bungwe lathu ndi chikho chathu. CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, inabadwira ku Khartoum mu February 1957 ndi maiko anayi okha, Egypt, Sudan, Ethiopia ndi South Africa. Pulezidenti woyamba anali Abdelaziz Abdallah Salem wa ku Egypt ndipo chikho choyambacho chinatchedwa dzina lake. Ku Sudan kunali dokotala wina Abdel Halim Mohamed, ku Ethiopia kunali Ydnekatchew Tessema, uyu dzina lake muligwire bwino chifukwa anadzakhala pulezidenti wa CAF kuyambira 1972 mpaka kumwalira kwake 1987, ndipo zambiri zomwe mpira wa Africa unapeza ku FIFA ndi makani a bambo ameneyu.

Tsono matimu amayenera kukhala anayi. Chinavuta ndi South Africa ndi tsankho lake lija, iwo amati titumiza timu ya azungu okhaokha kapena ya akuda okhaokha koma zosakaniza ayi. Anzawo anati ngati zili choncho khalani kwanu konko. Ethiopia yomwe imayenera kukumana nawo inangolowa mu fainolo osatuluka thukuta, Egypt inachinya Sudan 2-1, kenako mu fainolo nkukwapula Ethiopia 4 kwa duu, zigoli zonse zinayi munthu mmodzi, Mohamed Diab Al-Attar, anthu amangoti Ad-Diba. Magemu awiri, mpikisano watha. Ad-Diba yemweyo atasiya kusewera anakhala refu ndipo ndi amene anaimbira fainolo ya 1968.

Ya 1959 ku Cairo matimu anali omwewo atatu, aliyense kusewera ndi mnzake, Egypt nthawi imeneyo ikutchedwa United Arab Republic chifukwa Nasser anali atailumikiza ndi Syria. Inapambana magemu ake onse awiri, ndipo wogoletsa kwambiri anali Mahmoud El-Gohary yemwe anadzapambananso mpikisano womwewu ngati kochi wa Egypt ku Burkina Faso mu 1998. Ku Addis Ababa 1962 ndi pomwe kunayamba zoti matimu adutse kaye ndime yachipulula, kunafika anayi, Tunisia ndi Uganda atalowa, ndipo Ethiopia inabweza chipongwe nkuchinya Egypt 4-2 mu nthawi yoonjezera, Mengistu Worku akuvuta kutsogolo, kaputeni Luciano Vassallo nkulandira chikho m'manja mwa Haile Selassie.

Pa funso loti tiziwerenga kapena ayi, ine ndikuti tiziwerenga basi. World Cup yoyamba ya 1930 inali ndi matimu 13, ochokera ku Ulaya anayi okha, ena anakana ulendo wa panyanja, koma sindinamvepo wina akulanda Uruguay chikho chimenecho. Euro yoyamba inaseweredwa 1960, ndiye AFCON ndi mkulu wake ndi zaka zitatu, England, Italy ndi West Germany sanalowe nkomwe, Spain inakana kukumana ndi Soviet Union chifukwa Franco sanafune, komabe mabuku onse amati akatswiri a 1960 ndi Soviet Union ndipo palibe akudandaula. Timu imasewera ndi amene abwera. Komanso taganizani, bungwe longobadwa kumene kulolera kutaya timu imodzi pa matimu anayi pokana tsankho, pamene FIFA inazengereza, kuimitsa South Africa, kuibweza, kuimitsanso, mpaka 1976 ndi pomwe inaichotseratu. Zimenezo zokha zikukwanira kuti 1957 ndiipatse ulemu.

Lion_waZomba:

Madala mbiri mwaiyala bwino koma simunandikhutiritse kkkk. Magemu awiri ndi kapu imeneyo? Masiku ano timu imavutika ndime yachipulula chaka chathunthu, nkudzaseweranso magemu 7 kuti inyamule chikho. Ndipo taonani, maiko ena atangoyamba kulowa Egypt inakhala phee kuyambira 1959 mpaka 1986, zaka 27, ndipo ya 1986 yo inali pakwawo pa mapenate, ndi Cameroon yomwe. 1974 analinso pakwawo koma anatulutsidwa ndi Zaire. Amene ndimawavulira chipewa ndi atatu aja a Hassan Shehata, 2006, 2008, 2010, amenewo sindingatsutse, ya 2008 ija mpaka pano imandiwawa, Rigobert Song kuchedwa ndi mpira kumbuyo, Zidan kumulanda nkupatsa Aboutrika, basi zathera pomwepo. Koma 2017 tinawabwezera ku Libreville ndi chigoli cha Aboubakar. Ndiye ine ndili mbali ya mkulu wa ku ofesiyo, 5-5, apo bii awiriwo muwaikire kanyenyezi pambali.

NaBanda_ku_Leeds:

Azibambo mwalimbana ndi Egypt ndi Cameroon koma funso lina la achimwenewa, loti mpikisano unakula liti, palibe wayankha. Kwa ine ndi pakati pa 1963 ndi 1968 ndipo amene anaukulitsa ndi Ghana. Nkrumah mpira ankautenga ngati ntchito ya boma, amafuna dziko lapansi lione kuti munthu wakuda wodzilamulira yekha atha kuchita zinthu. Anaika Ohene Djan kukhala mkulu wa zamasewera, nkupanga kalabu yotchedwa Real Republikans yomwe imatola osewera abwino m'makalabu ena kuti azisewera limodzi sabata ndi sabata, kenako timu ya dziko nkuipereka kwa mwana wa pakhomo C.K. Gyamfi yemwe anali atasewerako ku Germany ku Fortuna Düsseldorf. Mu 1962 Black Stars, timu ya dziko la Ghana, inalepherana 3-3 ndi Real Madrid ya Di Stéfano ndi Puskás ku Accra. Chaka chomwecho mu October anapita kwathu tikadali Nyasaland nkukatichapa 12 kwa duu, mpaka lero timu yathu sinaluzepo moposa pamenepo, ndiye tisamanene kuti mbiri imeneyi sitili mo kkk.

1963 pakwawo anachinya Sudan 3-0 mu fainolo, 1965 anakatenganso ku Tunis pochinya eni bwalo 3-2, ndipo anafika mafainolo anayi motsatizana mpaka 1970. Chomvetsa chisoni timu imeneyi World Cup sinaione. Pa ya 1966 ku England FIFA ya Stanley Rous inapereka malo 10 ku Ulaya, 4 ku South America, amodzi ku North ndi Central America, kenako Africa, Asia ndi Oceania onsewo alimbirane malo amodzi. Ndiye kuti ngakhale utamenya Africa yonse umayenera kukaseweranso ndi wa ku Asia. Ohene Djan ndi Tessema uja atchula madalayu anatsogolera zokana, maiko 15 a mu Africa anatuluka onse. Malowo anatenga North Korea, yomwe inakachinya Italy 1-0 ku Middlesbrough, nkutsogola 3-0 kwa Portugal mu kota fainolo, kenako Eusébio nkugoletsa zinayi gemu nkutha 5-3. Eusébio wobadwira ku Lourenço Marques, Maputo ya lero, kaputeni wake Mário Coluna nayenso wa ku Mozambique konko. Ndiye World Cup yomwe Africa inanyanyala, amene anagoletsa kwambiri, zigoli 9, anali mwana wa mu Africa momwemo atavala jezi ya atsamunda ake.

Kunyanyalako kunathandiza, 1970 Africa inapatsidwa malo akeake ndipo kunapita Morocco. Koma Ghana inali itayamba kutsika, asilikali anagwetsa Nkrumah mu February 1966, Republikans nkuthetsedwa, Ohene Djan nkuchotsedwa pa mpando.

Wina amene anaonera nzeru kwa Nkrumah ndi Mobutu, mtsogoleri wa Congo-Kinshasa yomwe inadzatchedwa Zaire. Ghana itapita ku Kinshasa 1966 nkukachinya Congo 3-0 mkuluyo zinamukwana, anaitanitsa anyamata amene amasewera ku Belgium kuti abwerere kwawo, nkulemba kochi wa ku Hungary, ndipo 1968 ku Ethiopia anachinya Ghana yomweyo 1-0 mu fainolo chigoli cha Pierre Kalala. Chaka chimenecho ndi pomwe matimu anafika 8 m'magulu awiri ndipo mpikisano unayamba kuchitika zaka ziwiri zilizonse. Zinakhala 8 mpaka 1990, kenako 12 mu 1992, 16 mu 1996 (ngakhale kunasewera 15 Nigeria itanyanyala chifukwa mtsogoleri wake Abacha anali pa mkangano ndi Mandela wa ku South Africa komwe kumachitikira mpikisanowo), 24 mu 2019.

Ndiye a Lion ngati mukufuna podulira dulani pa 1968, chifukwa kuyambira pamenepo chikho chinayamba kuyendayenda, Congo-Kinshasa 1968, Sudan 1970, Congo-Brazzaville 1972, Zaire 1974, Morocco 1976, Ghana 1978, Nigeria 1980. Panalibe timu yoteteza chikho nkupambana. Ndipo ya 1972 yo inachitikira kwanu ku Cameroon, munatuluka mu semifainolo pamaso pa anthu anu, choyamba chanu chinadzabwera 1984.

KK11_Chipata:

Anzathu a ku Malawi moni, ine ndili kuno ku Chipata ndipo mukatchula 1974 ndiye mwatigwira pa mtima. Tiyeni ndiwonjezereko mbali yathu chifukwa a Lion angoti Egypt inatulutsidwa ndi Zaire osanena kuti mu fainolo Zaire inakumana ndi ndani.

Kanali koyamba Zambia kufika ku AFCON, zisanakwane zaka khumi chilandirire ufulu. Timu imatchedwa KK11 potengera Kenneth Kaunda, kochi anali Ante Buselic wa ku Yugoslavia, kaputeni Dick Chama, ndipo osewera ambiri anali a makalabu a ku migodi ndi a njanji, Mufulira Wanderers, Kabwe Warriors, Rhokana United. Mu chipulula tinamenya Nigeria 5-1 ku Lusaka. Titafika ku Egypt tinachinya Ivory Coast 1-0, kuluza kwa eni bwalo 3-1, kuchinya Uganda 1-0, kenako semifainolo ndi Congo-Brazzaville amene anali akatswiri nthawi imeneyo, 4-2 mu nthawi yoonjezera, Bernard Chanda yekha zitatu. Mbali inayo Egypt inatsogola 2-0 kwa Zaire nkudzaluza 3-2, ndiye anthu a ku Cairo atakwiya fainolo sanabwere kudzaonera, sitediyamu yaikulu ija inali pafupifupi mbee.

Fainolo ya pa 12 March Simon Kaushi anatitsogoza, Ndaye Mulamba anabweza, mu nthawi yoonjezera Ndaye anagoletsanso aliyense nkumati zatha, Brighton Sinyangwe nkubweza mphindi yomaliza penipeni, 2-2. Mapenate sanamenye, anati mudzabwereze gemu patatha masiku awiri. Pa 14 March anyamata miyendo inali itatha, Ndaye anagoletsanso ziwiri, 2-0. Ndi fainolo yokhayo ya AFCON yomwe inabwerezedwa. Munthu mmodzi kutigoletsa zinayi m'magemu awiri, mpikisano wonse zigoli 9. Mobutu anawatumizira ndege yake kudzawatenga.

Zotsatira zake mukuzidziwa, Zaire yomweyo inapita ku World Cup ku West Germany miyezi itatu pambuyo pake, 2-0 kwa Scotland, 9-0 kwa Yugoslavia, 3-0 kwa Brazil, nkhani ya ndalama za osewera itavuta mkati, ndipo azungu chomwe amakumbukira ndi Mwepu Ilunga kuthamanga kuchoka pa khoma nkumenya mpira wa fri kiki ya Brazil. Zoti timuyi inali akatswiri a Africa kawiri satchula. Ndaye mwiniwake anapatsidwa kadi yofiira pa gemu ya Yugoslavia pa mlandu womwe anapalamula mnzake, pambuyo pake moyo unamuvuta, anaomberedwa mwendo kwawo, anakakhala ku Cape Town mu umphawi, nkudzamwalira ku South Africa 2019.

Ife fainolo yachiwiri inadzabwera 1994 ku Tunis, chaka chimodzi chichitikire ngozi ya ndege ya pa 27 April 1993 kufupi ndi Libreville yomwe inapha anthu 30, osewera 18, kochi Godfrey Chitalu ali momwemo. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa amachokera payekha ku kalabu yake ya PSV ku Holland. Timu yatsopano yongosonkhanitsa inafika mpaka fainolo, Elijah Litana nkugoletsa mphindi zoyambirira, Emmanuel Amuneke nkubweza ziwiri Nigeria nkutenga. Mpaka 2012 ku Libreville komweko, 8-7 pa mapenate ndi Ivory Coast ya Drogba, Stoppila Sunzu akumenya yomaliza. Manje wina akandiuza kuti chikho china sichiwerengedwa ine ndimaseka, ife tinadikira zaka 38 kuchokera 1974 kuti tichigwire kamodzi.

Ndipo musaiwale kuti mawu amene a Zambia tinamvera mpira zaka zonsezo pa wailesi, a Dennis Liwewe, anabadwira kwanu ku Malawi.

Madala_aMpira:

A ku Chipata zikomo, a Liwewe ngakhale kuno anthu amatsegula wailesi ya Zambia dala kuti angowamva. Koma poti mwatchula zanu tisiyeni nafe tidzitame pang'ono, 1978 fainolo ya chikho cha maiko a East and Central Africa tinakuchinyani 3-2, kochi ali Ted Powell, Kinnah Phiri ali pa moto, 1979 tinakateteza ku Kenya, 1988 tinakuchinyaninso mu fainolo. Timu ya 1978 ndi 1979 imeneyo ndi imene ine ndimaimvera chisoni kuti AFCON sinaione, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna achimwene a ku Chilomoni amvetse. Masiku a matimu 8 malo awiri amakhala atapita kale, amodzi kwa eni bwalo ena kwa amene akuteteza chikho, ndiye Africa yonse imalimbirana malo 6, ndipo kuyambira 1970 kunalibe zamagulu zoti uluza lero udzakonza mawa, zinali zopita ndi kubwera, waluza watuluka dikira zaka ziwiri. Kufika kokha kunali kovuta kuposa lero pamene pafupifupi theka la Africa limapita.

Ndiye 1984 titafika ku Ivory Coast sinali nkhani yamasewera. Kinnah anali atapita kale ku Swaziland, koma kunali Jack Chamangwana, Young Chimodzi, a Waya, Clifton Msiya, kochi Danny McLennan wa ku Scotland. Gulu lathu ku Bouaké linali la Algeria, Nigeria ndi Ghana. Algeria ya Belloumi ndi Madjer yomwe inali itachinya West Germany 2-1 ku World Cup ya 1982, Ghana yomwe imateteza chikho itatenga ku Libya 1982, Nigeria akatswiri a 1980. Algeria inatipatsa 3-0. Gemu ya Nigeria tinatsogola 2-0, Waya pa penate kenako Msiya, anthu kuno atazungulira mawailesi osakhulupirira, koma Clement Temile anabweza zonse ziwiri hafu yoyamba isanathe, 2-2. Yomaliza Ghana inatichinya 1-0.

Koma pali kankhani ka tsiku lomalizalo. Nthawi imeneyo kupambana kunali mapoyinti awiri, Algeria inali ndi 4, Nigeria 3, ife imodzi, Ghana zilo. Ndiye Nigeria imangofuna poyinti imodzi kuti ife tisaipeze ngakhale titachinya Ghana. Gemu yawo ndi Algeria inatha 0-0 akungopatsirana mpira mpaka refu anatopa nkuonetsa makaputeni onse awiri kadi yachikasu. Algeria yomweyo yomwe zaka ziwiri m'mbuyomo imalira kuti West Germany ndi Austria apangana ku Gijón kuti iyo ituluke. Poti ife tinaluza kwa Ghana sitinganamizire zimenezo, koma zinachitika.

Kuchoka apo zaka 26 tili panja. 2010 ku Angola Kinnah ali kochi, gemu yoyamba ndi Algeria yomweyo, 3-0 yathu, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka, Davi Banda. Kenako ku Cameroon mu January 2022 kufika ndime ya matimu 16 komwe Gabadinho anagoletsa chigoli chija kwa Morocco. Katatu kokha m'mbiri yonse. Ndiye a Lion inu mukupeputsa makapu awiri a anzanu, ife tikanakhala nako kamodzi ka matimu atatu komweko bwenzi lero pali holide.

wa_pa_Chilomoni:

Eeee ndaphunzira zambiri, 12-0 ija sindimaidziwa ndipo ku ofesi sindikaitchula kkkk. Koma chimodzi chandidabwitsa, mukutchula makalabu a ku migodi, Republikans, osewera oitanidwa ku Belgium, kodi nthawi imeneyo maprofeshonolo a ku Ulaya samabwera ku AFCON? Ndipo zigoli 9 za Ndaye zija palibe wazidutsa mpaka pano, ngakhale Eto'o?

NaBanda_ku_Leeds:

Amabwera koma mowerengeka achimwene. Kuyambira cha m'ma 1960 CAF inali ndi lamulo loti timu isapitirire osewera awiri ochokera kunja, cholinga chake chinali choti maiko azilimbikitsa maligi awo osangodalira ana amene atengedwa ndi France ndi Belgium. Lamuloli linadzachotsedwa cha m'ma 1982. Nchifukwa chake mukaona matimu a nthawi imeneyo mumapeza kuti timu ya dziko ndi makalabu awiri atatu a pakhomo, Zaire ya 1974 yonse imasewera kwawo, ambiri TP Mazembe ndi AS Vita, Guinea yomwe inatsala pang'ono kutenga 1976 inali Hafia ya ku Conakry, Cameroon yanu a Lion inamangidwa pa Canon ndi Tonnerre za ku Yaoundé, Ghana pa Asante Kotoko ndi Hearts of Oak. Anthu ankadziwana chifukwa amasewera limodzi chaka chonse, osati zamasiku ano zokumana pa eyapoti kwatsala sabata imodzi. Mkangano wa makalabu a ku England wodandaula kuti AFCON ikuwalanda osewera mu January unabwera lamuloli litachoka komanso osewera atachuluka kunja, kuno mpaka pano chaka cha AFCON nyuzi zimangokhala zomwezo.

Za zigoli, pali marekodi awiri osawasokoneza. Ya zigoli zonse pamodzi inali ya Laurent Pokou wa ku Ivory Coast, 14, zomwe anagoletsa m'mipikisano iwiri yokha 1968 ndi 1970, zisanu mwa izo gemu imodzi ndi Ethiopia. Imeneyo Eto'o anaidutsa 2008 nkudzamaliza ndi 18, ndiye mnzanu wa ku ofesiyo apo mumupatse. Koma ya mpikisano umodzi ikadali ya Ndaye. Pokou anafika 8 mu 1970, Aboubakar anafikanso 8 pakwawo mu 2022 nkuima pomwepo, chonsecho iye anali ndi magemu 7 pamene Ndaye anali ndi 6 kuphatikiza yobwereza ija.

Lion_waZomba:

Anamayi mwandimenya mbali zonse lero. Ndavomera kudulira pa 1968, koma mukawerenga kuyambira pamenepo zikubwerabe 5-5 tu, ndiye achimwene Lolemba mukanene zonse ziwiri, za madala ndi zanga. Ndipo Aboubakar akanafika 9 Egypt yomweyi ikanapanda kutitsekera 0-0 mu semifainolo.